Pofika 12 koloko ukhale utamaliza: kaphunziridwe ka subjonctif passé ya Chifalansa

Loweruka lililonse m'mawa ndimaphunzitsa Chifalansa pakhonde la nyumba yanga ku Area 25. Amabwera anthu asanu ndi awiri: atsikana atatu ndi anyamata awiri okonzekera mayeso a MSCE, mayi wina namwino amene akufuna kudzalemba mayeso a Chifalansa otchedwa DELF B2, ndi bambo wina woyendetsa thiraki. Bamboyu amakweza katundu ku Kanengo, kutulukira pa Mchinji, kudutsa m'dziko la Zambia mpaka pachipata cha Kasumbalesa, n'kukatsitsa ku Lubumbashi, m'dziko la DR Congo. Chiswahili cha pamsewu amachitha, koma eni katundu a kumeneko amalemba mauthenga awo m'Chifalansa, n'chifukwa chake amadzakhala pa benchi limodzi ndi ana asukulu.

Tsiku lina anafika foni ili m'manja, asanakhale n'komwe pansi. Katundu anali atachedwa masiku anayi ndipo ankafuna kupepesa kwa mwini wake. Anali atalemba kale kuti *Je suis désolé que le camion est arrivé en retard.*

"Aphunzitsi, tandionereni ndisanatumize."

Ndinawauza kuti wolandirayo amva ndithu, koma pali mawu amodzi ofunika kusintha: pamene pali *est* paikidwe *soit*.

"Koma aphunzitsi, paja munati subjonctif ndi ya zinthu zokayikitsa. Nanga thirakiyo si inafika? Katunduyo anatsitsa ine ndikuona."

Funso limeneli amafunsa aliyense amene wafika pa nthawi ya mneni imeneyi, ndiye tiyambire pomwepa. Mukanena kuti "Thiraki inafika mochedwa", mukupereka nkhani, ndipo Chifalansa chimati *Le camion est arrivé en retard.* Koma mukati "Pepani kuti thiraki inafika mochedwa", nkhaniyo mwini katundu akuidziwa kale. Chimene mukumuuza tsopano ndi mmene mtima wanu ulili pa zimene zinachitikazo. Chifalansa chimafuna kuti mneni wobwera pambuyo pa mawu a mumtima oterewa asinthe maonekedwe, kaya chinthucho chinachitikadi kapena ayi. Ndipo ngati chinthucho chinatha kale, maonekedwe ake ndiwo *subjonctif passé*.

Tili nayo kale pakamwa

Ndisanalembe chilichonse pa bolodi, ndimawafunsa ana asukulu aja zimene amayi awo amanena akamanyamuka kupita ku msika wa Wakawaka. Onse amayankha zofanana: "Ndikamabwera ndikupeze utasesa pabwalo." Kapena: "Pofika 12 koloko ukhale utamaliza kuchapa."

Taonani bwino mawu awiriwa, *ukhale utamaliza*. Oyambawo akuthera ndi -e, ngati mmene timanenera kuti upite, udye, ugone, pofuna kuti chinthu chichitike. Achiwiriwo akunena za ntchito yotha. Amayi sakufuna kukupeza uli mkati mochapa. Akufuna kupeza zovala zili pa chingwe.

Mfalansa amanena chimodzimodzi, ndi mawu awirinso: *Il faut que tu aies fini avant midi.* Pamene ife tati "ukhale", iye wati *aies*. Pamene tati "utamaliza", iye wati *fini*. Kamangidwe ka nthawi imeneyi n'komweko basi: mneni wothandizira ali mu subjonctif, kenako *participe passé*, maonekedwe a mneni osonyeza ntchito yotha, yomwe ija imapezekanso mu *passé composé*, nthawi yakale imene Afalansa amafotokozera zimene zinachitika.

Chimene chimatipusitsa ife olankhula Chichewa n'chakuti -e wathu uja timamugwiritsa ntchito pofuna ndi polamula, koma pokondwa ndi podandaula sitimugwiritsa ntchito. Timangoti "Ndakondwa kuti wabwera", mneni osasintha. Ndiye pakamwa pamathamangira *que tu es venu*, pamene Chifalansa chikufuna *que tu sois venu*. Mbali ya "ukhale utamaliza" ophunzira anga amaigwira tsiku lomwelo. Mbali ya "pepani" ndi "ndakondwa" ndiyo imafuna kuibwereza masabata angapo.

Kamangidwe kake

Pali mizere iwiri yokha yoloweza, ndipo ilowezeni mpaka izituluka yokha ngakhale wina atakudzutsani pakati pa usiku.

*avoir*: que j'aie, que tu aies, qu'il ait, que nous ayons, que vous ayez, qu'ils aient

*être*: que je sois, que tu sois, qu'il soit, que nous soyons, que vous soyez, qu'ils soient

Potchula, *aie*, *aies*, *ait* ndi *aient* onse amamveka ngati "e". *Sois*, *soit* ndi *soient* onse ndi "swa". Mu *qu'ils aient* mumamveka z pakati, "kilze", pamene *qu'il ait* ndi "kile", ndiye khutu limatha kusiyanitsa mmodzi ndi ambiri. Mu *qu'il soit* ndi *qu'ils soient* khutu silikuthandizani, limathandiza ndi diso.

Polemba pali malo awiri amene cholembera changa chofiira chimapitako kawirikawiri. Oyamba ndi *ayons*, *ayez*, *soyons*, *soyez*: pambuyo pa y palibe i. Ana amazolowera *que nous parlions*, *que vous finissiez*, n'kuganiza kuti i ameneyo amafunika paliponse, ndiye amalemba *ayions*. Ayi, aneni awiriwa alibe. Achiwiri ndi *j'ai* ndi *j'aie*. Polankhula kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti palibe angakugwireni, koma papepala e wakumapetoyo ndiye chizindikiro chokha choti mwalemba subjonctif.

Tsono tengani chiganizo chilichonse cha *passé composé*, musinthe mneni wothandizira yekha. *Tu as mangé* akhala *que tu aies mangé*. *Elle est partie* akhala *qu'elle soit partie*. *Nous avons pris* akhala *que nous ayons pris*. Mneni amene amayenda ndi *avoir* ku *passé composé* amayendanso ndi *avoir* kuno, wa *être* chimodzimodzi.

Apa ndimakonda kuwalimbitsa mtima ophunzira. Aneni aja amavuta mu *subjonctif présent*, monga *que je fasse*, *que j'aille*, *que je puisse*, *que je sache*, *que je veuille*, kuno amafewa onse: *que j'aie fait*, *que je sois allé*, *que j'aie pu*, *que j'aie su*, *que j'aie voulu*. Ngakhale *avoir* ndi *être* eni akewo amatenga *avoir*: *que j'aie eu*, *que j'aie été*. Ngati pali pamene mukutsimphina, mwina vuto lili pa *participe passé* amene simunawagwiritse, monga *pris, mis, dit, écrit, vu, bu, lu, dû, reçu, ouvert, né, mort*. Bwererani kumeneko kaye.

Aneni a *être* ndi omwe aja a kupita, kubwera ndi kusintha kwa moyo: *aller, venir, revenir, devenir, arriver, partir, entrer, rentrer, sortir, monter, descendre, rester, tomber, retourner, naître, mourir, décéder*. Ena mwa iwo, monga *sortir, rentrer, monter* ndi *descendre*, amatembenukira kwa *avoir* akakhala ndi pamtherankhani. Dalaivala uja anazimvetsa ndi katundu wake yemwe: *Je suis content qu'il soit descendu* ndi kukondwa kuti munthu watsika, koma *Je suis content qu'il ait descendu les sacs* ndi kukondwa kuti watsitsa matumba.

Mawu okana ndi alowam'malo amazungulira mneni wothandizira, osati *participe*: *que tu n'aies pas mangé*, *que tu l'aies vu*, *qu'elle ne soit pas venue*, *que nous ne lui ayons rien dit*.

Mgwirizano wa kumapeto

Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mneni. "Wabwera" ndi wabwera basi, kaya ndi mchimwene kaya ndi chemwali. Koma mgwirizano timaudziwa bwino kuposa mmene timaganizira: galimoto yafika, chimanga chafika, ana afika, mabuku afika. Wathu uli koyambirira kwa mawu ndipo umamveka. Wa Chifalansa uli kumapeto ndipo nthawi zambiri sumveka, n'chifukwa chake timauiwala.

Ndi *être*, *participe* amagwirizana ndi mwininkhani: *que tu sois venu* kwa mnyamata, *que tu sois venue* kwa mtsikana, *qu'ils soient venus*, *qu'elles soient venues*. Mukamalembera munthu mmodzi wamkulu mwaulemu, mumati *vous* monga ife timati "inu", koma *participe* amakhalabe wa munthu mmodzi: *que vous soyez venu* kwa bambo, *que vous soyez venue* kwa mayi, popanda s.

Aneni okhala ndi *se* onse amatenga *être*. Ena amafanana ndi -dzi- wathu, monga *se blesser*, kudzipweteka: *Je regrette qu'elle se soit blessée.* Ena alibe -dzi- m'Chichewa, monga *se tromper*, kulakwitsa, ndi *se lever*, kudzuka: *Il est possible qu'ils se soient trompés*, *Je suis fâché que tu ne te sois pas levé.* Pali kamsampha kamodzi kamene mayi namwino uja anakagwira msanga chifukwa ndi chiganizo cha ku ntchito kwawo: *Je doute qu'elle se soit lavé les mains.* Apa *lavé* alibe e wachiwiri, popeza chosambitsidwacho ndi manja ndipo atchulidwa pambuyo.

Ndi *avoir*, *participe* sagwirizana ndi mwininkhani. Amagwirizana ndi pamtherankhani pokhapokha ngati watchulidwa mneni asanafike. *Je suis content que tu aies écrit la lettre*, palibe chosintha. *Je suis content que tu l'aies écrite*, kalata ija yabwera patsogolo ngati *l'*, ndiye tawonjezera e, ndipo pano amamvekanso potchula. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukamaliza kulemba, bwererani pa *participe* aliyense mudzifunse kuti akugwirizana ndi ndani.

Présent kapena passé?

Pamenepa ndiye pagona nkhani, ndipo ndimatherapo Loweruka lathunthu. Funso lodzifunsa ndi limodzi: pa nthawi imene mtima ukulankhulayo, chinthucho chatha kale kapena ayi?

Muli pa kabaza, mukuthamangira ku depoti, mwatsekeredwa pa mlatho wa Lilongwe. Mukati *J'ai peur que le bus parte*, mukuopa kuti basi inyamuka musanafike, koma ikadalipo. Mukati *J'ai peur que le bus soit parti*, mukuopa kuti yanyamuka kale. *Je doute qu'il paie*, ndikukayika ngati alipire. *Je doute qu'il ait payé*, ndikukayika ngati analipira. *Je suis content que tu viennes*, ndakondwa kuti ukubwera, ndipo zikhoza kukhala lero kapena mawa, popeza subjonctif ilibe nthawi yam'tsogolo yakeyake. *Je suis content que tu sois venu*, ndakondwa kuti wabwera, uli pano ndikukuona.

M'mabuku ndi m'makalata a kuofesi mudzapeza *J'ai peur que le bus ne soit parti.* Kamawu ka *ne* kameneko sikakukana chilichonse, ndi kalembedwe kaulemu chabe kamene kamabwera pambuyo pa *avoir peur que*, *craindre que*, *avant que* ndi *à moins que*. Kukana kwenikweni kumakhala ndi *pas*: *que le bus ne soit pas parti*.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri ndi ichi: mwana akulemba nkhani ya chaka chatha, ndiye akuganiza kuti mneni aliyense akhale wakale. Amalemba *Ma mère voulait que je sois allée au marché.* Ndimamufunsa kuti m'Chichewa anganene bwanji. "Amayi ankafuna kuti ndipite kumsika." Ndipite, osati ndinapita, chifukwa pa nthawi imene amayi ankafunayo n'kuti asanapite. Chifalansa n'chimodzimodzi: *Ma mère voulait que j'aille au marché.* Nthawi simukuyezera pa lero. Mukuyezera pa mneni woyambayo. Ngati chinthucho chinali chitatha kale pamene mtima unkalankhula, pamenepo ndiye pa passé: *Ma mère était contente que je sois allée au marché*, anakondwa kuti ndinali nditapita.

Ndipo mbali ina ija tinayambira, ya "ukhale utamaliza", ikuloza kutsogolo ngakhale dzina lake likuti passé. *Il faut que vous ayez payé avant vendredi*, pofika Lachisanu mukhale mutalipira. *Je veux que tu sois rentrée avant la nuit*, ndikufuna ukhale utafika pakhomo kusanade. Nthawi zambiri chiganizo choterechi chimakhala ndi malire a nthawi: *avant midi*, *avant lundi*, *d'ici demain*.

Owerenga mabuku akale a Chifalansa adzakumana ndi zinthu monga *qu'il fût venu* kapena *qu'elle eût fini*. Imeneyo ndi *plus-que-parfait du subjonctif*, ya olemba mabuku. Polankhula ndi polemba makalata masiku ano malo ake anatenga ndi *subjonctif passé* yomweyi. Ingoizindikirani mukaiona, musavutike kuiloweza panopa.

Mawu amene amaiitana

Subjonctif sibwera yokha, pamakhala mawu kutsogolo amene aiitana, ndipo ndi omwewo amene amaitana ya présent.

Ambiri ndi a mumtima, ndipo apa ndi pamene ndimaona kuti Mmalawi amaifuna nthawi imeneyi kuposa mmene amaganizira. Ife tsiku silitha tisanati pepani kapena zikomo, ndipo zimene timapepesa kapena kuthokoza nthawi zambiri zimakhala zitachitika kale. Mayi namwino uja atataya amayi awo, mnzawo wa ku Burundi amene anadziwana naye pa ntchito anabwera kumaliro ndi anzake. Pambuyo pake mayiwo anafuna kulemba mawu othokoza, ndipo tinakhala pakhonde pomwepa n'kulemba kuti *Nous sommes très touchés que vous soyez venus.* Zatikhudza kwambiri kuti munabwera. Chiganizo chimenechi sanachiiwalenso, ndipo mpaka lero akasokonezeka pa *soyez* amabwerera kwa icho. M'gulu lomweli muli *je regrette que*, *je suis triste que*, *je suis heureux que*, *je suis surpris que*, *c'est dommage que*. *C'est dommage que tu n'aies pas vu le match*, zachisoni kuti mpirawo sunauonere.

Kenako a kukayika: *je doute que*, *il est possible que*, *il se peut que*, *je ne crois pas que*, *je ne pense pas que*. Chenjerani apa. *Je pense qu'il a payé* alibe subjonctif, chifukwa mukunena zimene mukukhulupirira. Mukakana m'pamene imabwera: *Je ne pense pas qu'il ait payé.* Momwemonso *il est probable que* amatenga *indicatif*, maonekedwe wamba a mneni operekera nkhani, pamene *il est possible que* amatenga subjonctif.

*Espérer* amagwetsa anthu ambiri. Amamveka ngati mawu a mumtima, koma amatenga *indicatif*. Uthenga uja timatumizirana munthu akayenda ulendo, "Ndikhulupirira mwafika bwino", ndi *J'espère que vous êtes bien arrivé*, osati *soyez*. Mukafuna kunena chikhumbo chomwecho ndi subjonctif, pali *pourvu que*, amene amagwira ntchito ngati "bola" wathu. Mwatumiza ndalama pafoni kwa agogo kumudzi, sakuyankha: *Pourvu qu'elle ait reçu l'argent !* Bola akhale atalandira.

Alumikizi ena nawa m'ziganizo zawo. *Bien qu'il ait plu toute la nuit, nous sommes allés au champ*, ngakhale mvula inagwa usiku wonse, kumunda tinapita. *Restez ici jusqu'à ce que la pluie ait cessé*, khalani pano mpaka mvula itakata. *Ne partez pas avant que j'aie signé*, musachoke ndisanasaine. *Il viendra, à moins qu'il n'ait oublié*, abwera, pokhapokha ngati waiwala. *Je te prête le vélo à condition que ton père ait donné son accord*, njinga ndikubwereka ngati bambo ako avomereza.

"Ngakhale" wathu ali ndi anzake awiri m'Chifalansa, *bien que* ndi *même si*, ndipo sayenda njira imodzi. *Bien que* amatenga subjonctif, *même si* amatenga *indicatif*: *même s'il a plu*. Mukakayika pa mayeso, *même si* ndi njira yachidule, koma woyesa wa B2 amafuna kuona kuti *bien que* mumamutha, ndiye musamuthawe.

*Après que* ali ndi nkhani yakeyake. Lamulo, limene bungwe la Académie française, lokhazikitsidwa mu 1635, limaumirirabe, likuti atenge *indicatif*: *après qu'il est parti*, popeza chinthucho chachitika ndithu. Afalansa ambiri polankhula amati *après qu'il soit parti*, kutengera *avant que*. Mukamva pa wailesi musadabwe. Ine ndimauza ophunzira anga kuti papepala la mayeso atsate lamulo.

Chotsala ndi chimene ana amachikonda kwambiri, chotamira chinthu kuti chimaposa zonse. Pambuyo pa *le meilleur*, *le plus*, *le seul*, *le premier* kawirikawiri pamabwera subjonctif. Mnyamata wina atabwerako ku Senga Bay analemba *C'est le meilleur chambo que j'aie jamais mangé.* Mnzake anayankha ndi mango a kwawo ku Salima: *Ce sont les meilleures mangues que j'aie jamais mangées.* Onani *-es* pa *mangées*: mangowo atchulidwa mneni asanafike, ndipo m'Chifalansa *mangue* ndi dzina lachikazi. *Jamais* pano sakukana, akutanthauza "chibadwire".

Pamene simuyenera kuigwiritsa ntchito

Munthu akangoiphunzira amafuna kuiika paliponse. Mtsikana wina anafika mochedwa, minibasi itaima nthawi yaitali kudikira kudzaza, n'kunena monyadira kuti *Je suis désolée que je sois arrivée en retard.* Kamangidwe kanali kolondola, mgwirizano uli m'malo, koma Mfalansa sanena choncho. Ngati wodandaula ndi wochedwayo ali munthu mmodzi, amachotsa *que* n'kuika *de* ndi *infinitif passé*: *Je suis désolée d'être arrivée en retard.* *Je suis content d'avoir réussi*, ndakondwa kuti ndakhoza. *Je suis content que tu aies réussi*, ndakondwa kuti wakhoza. Eni nkhani akhale awiri osiyana kuti subjonctif ibwere. Koma alumikizi ena, monga *bien que*, salabadira zimenezi: *Bien que j'aie étudié, j'ai eu peur* ndi chiganizo chabwinobwino.

Chinanso ndi msintho wochitidwa. Mukaona *soit* kapena *soient* ndi *participe*, musafulumire kunena kuti ndi passé. *Il faut que les ouvriers soient payés* akutanthauza kuti antchito alipidwe, ndi présent. *Payer* si mneni wa *être*, ndiye *soient payés* ndi "alipidwe". Passé wake ali ndi mawu atatu: *Je doute que les ouvriers aient été payés*, ndikukayika ngati antchito analipidwa.

Zoti muchite madzulo ano

Zimene ndimapatsa ophunzira anga n'zosavuta, ndipo sizifuna buku. Tengani kope, mulembe zinthu zisanu zimene anthu ena anachita dzulo kwanuko, mu *passé composé*. Kenako kutsogolo kwa chilichonse muike mmene mtima wanu unamvera, n'kusintha mneni wothandizira. *Mon frère a trouvé du travail* asanduke *Je suis heureux que mon frère ait trouvé du travail.* *Les enfants ne se sont pas lavés* asanduke *Je suis fâché que les enfants ne se soient pas lavés.* Muwerenge mokweza chiganizo chilichonse katatu, chifukwa pakamwa pakazolowera *que tu sois venu*, *que tu es venu* amayamba kukuwawani m'khutu nokha. Mukatero lembani ziganizo ziwiri za "ukhale utamaliza", zimene mungauze mwana kapena mng'ono wanu mukamachoka pakhomo.

Yesani izi musanaone mayankho ake. Ndikukayika ngati alendo aja afika, ndipo alendowo ndi amayi okhaokha. Zachisoni kuti simunadye. Pofika Lolemba tikhale titabweza ndalamazo. Ndikhulupirira wagona bwino. Ndakondwa kuti ndakuonani.

Choyamba: *Je doute qu'elles soient arrivées.* Chachiwiri: *C'est dommage que vous n'ayez pas mangé.* Chachitatu: *Il faut que nous ayons rendu l'argent avant lundi.* Chachinayi chilibe subjonctif chifukwa cha *espérer*: *J'espère que tu as bien dormi.* Chachisanu chilibenso, popeza wokondwa ndi woona ndi munthu mmodzi: *Je suis content de vous avoir vu.* Ngati mwagwa pa ziwiri zomalizazi, ndi pomwe amagwa ambiri Loweruka loyamba. Zilembeninso mawa osayang'ana.

Uthenga wa dalaivala uja sunathere pa *soit*. Atamvetsa, anati akufuna awonjezere kuti akupepesanso poti bwanayo anadikira masiku anayi. Ndinawauza kuti akabwereza *que* kachiwiri, mneni wachiwiriyo nayenso alowe mu subjonctif, chifukwa onse awiri akutsamira pa *désolé* yemweyo. Anafufuta, n'kulemba pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, akutchula chilembo chilichonse: *Je suis désolé que le camion soit arrivé en retard et que vous ayez attendu quatre jours.* Pa *ayez* anaima kaye, n'kundiyang'ana.

"Palibe i, eti aphunzitsi?"

"Palibe, bambo. Tumizani."